CITAGANYA CA MAKOLO ATHU NDI MGWIRIZANO WA MAIKO

 Nkhani imene ndapatsidwa ndi iyi: kodi nkwabwino kuti maiko amangane pamodzi m'zaboma ndi m'zacuma, kapena nkoopsya? Ena anganene kuti nkhani yotere iyenera anthu a ku Lusaka, osati ife a coko ndi bolodi. Komatu ndife amene timalemba pabolodi maina aja a SADC, COMESA ndi African Union, ndi kuuza ana kuti awaloweze pamtima. Tsiku lina mwana wina m'kalasi mwanga anakweza dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati tiri pa mgwirizano ndi a ku Malawi, nanga amai amaimitsidwiranji pa malire akapita kukagula nsomba?" Ndinamuyankha mwacibwibwi, ndipo manyazi a tsiku limenelo ndiwo anandituma ku mabuku ndi kwa akuluakulu a m'mudzi.

Ife a m'Zambia sitisowa kupita kutali kukafuna citsanzo, pakuti dziko lathu linalawapo kale. Mu 1953 boma la Britain linamanga pamodzi maiko atatu: Northern Rhodesia, ndilo dziko lathu lino, Southern Rhodesia, lero Zimbabwe, ndi Nyasaland, lero Malawi. Makolo athu anacha cinthuci Citaganya. Likulu lace linali ku Salisbury, mzinda umene tsopano uchedwa Harare.

Amene anacifuna anali nazo zifukwa zomveka, ndipo tisawayese opusa. Iwo anati: kumpoto kuli mkuwa, kum'mwera kuli malasha a ku Wankie, fodya ndi mafakitale, ndipo ku Nyasaland kuli anthu ambiri ofuna nchito. Mkuwa susungunuka popanda malasha, ndipo njanji youtengera ku nyanja idzera kum'mwera komweko. Tsono nkulekeranji kuthira zonse m'nkhokwe imodzi? Ananenanso kuti dziko lalikulu limakongola ndalama mosabvuta kupambana laling'ono, ndipo pa ici sananame. Damu la Kariba, limene linamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, linatheka ndi ngongole yaikulu imene dziko limodzi palokha likadabvutika kuipeza pa nthawi imeneyo. Magetsi ace tiwagwiritsabe nchito kufikira lero.

Nanga makolo athu anakaniranji ndi mtima wonse? Coyamba ndi cakuti sanafunsidwe. Ku Southern Rhodesia kokha ndiko kunacitika cisankho ca anthu pa nkhaniyi, m'mwezi wa April 1953, ndipo oponya voti anali Azungu pafupifupi onse. Kuno mafumu ambiri anakana, ndipo a Harry Nkumbula, mtsogoleri wa African National Congress, anatentha poyera ku Lusaka pepala la boma lofotokoza za Citaganya. Zonsezi sizinamveke ku London. M'nyumba ya malamulo ya Citaganya munali mipando 35 poyamba, ndipo anthu akuda anapatsidwa 6 yokha, iwiri pa dziko lililonse, ngakhale iwo ndiwo anali unyinji woposa. Akuluakulu a boma ankalalikira za kugwirizana kwa mitundu, koma anthu sanaiwale fanizo limene limanenedwa kuti linacokera kwa Godfrey Huggins, nduna yaikulu yoyamba, lakuti kugwirizanako kufanana ndi kwa kavalo ndi womkwera. Palibe anafunsa kuti kavalo ndani.

Ndifuna kukhalitsa pang'ono pa Kariba, cifukwa m'menemo muli cithunzi ca nkhani yonse. A ku Northern Rhodesia anali atakonzekera kumanga damu pa mtsinje wa Kafue, m'kati mwa dziko lao. Boma la Citaganya linasankha Zambezi, ndipo nyumba ya makina a magetsi inaikidwa ku tsidya la kum'mwera. Migodi ya ku Copperbelt, imene msonkho wace unali msana wa cuma ca Citaganya, inayamba kudalira magetsi amene cotsekera cace cinali m'manja mwa ena. Ndipo madzi atayamba kukwera, Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anacotsedwa pa minda yao ndi pa manda a makolo ao. Mu 1958, ku Gwembe, apolisi anaombera anthu okana kusamuka, nafa asanu ndi atatu. Ambiri mwa osamutsidwawo anakhala zaka ndi zaka osaona nyali ya magetsi m'nyumba zao. Phindu linali lenileni, koma analidya ena, ndipo analipira ena.

Ife aphunzitsi tiri ndi cathu cokumbukira. Maphunziro a ana a Azungu ndi maphunziro apamwamba anali m'manja mwa boma la Citaganya, kumene kunkapita gawo lalikulu la msonkho. Maphunziro a ana akuda anasiyidwa kwa boma la dziko lililonse ndi kwa amishoni. Koleji yaikulu inamangidwa ku Salisbury. Pamene Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964, anthu ace omaliza maphunziro a ku yunivesite anali pafupifupi 100 okha, m'dziko limene mkuwa wace unalemeretsa ena. Sindikuti mlandu wonse uli pa Citaganya, pakuti kunyozera sukulu za anthu akuda kunayamba kale comwe. Koma zaka khumi zimenezo zikadatha kukonza zambiri.

Mapeto ace muwadziwa. Mu 1959 boma linalengeza za ngozi ku Nyasaland nimanga Dr. Banda, kuno cipani ca a Kenneth Kaunda cinaletsedwa. Bungwe la Monckton mu 1960 linapeza kuti anthu akuda a kumpoto amadana naco Citaganya kotheratu, ndipo pa 31 December 1963 cinatha.

Tsono pano ndipo ndipempha kuti tisafulumire. Wina angati, "Taona, kukhala patokha ndiwo mtendere." Iai. Zambia iribe doko la pa nyanja, ndipo yazingidwa ndi maiko asanu ndi atatu. Pamene Ian Smith analanda ufulu wa Rhodesia pa 11 November 1965, dziko lathu linapezeka kuti mafuta, malasha ndi njira ya mkuwa zonse ziri m'manja mwa mdani. Ndipo mu January 1973 malire anatsekedwa. Anatipulumutsa ndi mnansi wina. Paipi ya mafuta ya TAZAMA yocokera ku Dar es Salaam inatha mu 1968, ndipo njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kufika ku Kapiri Mposhi, inatha mu 1975 ndi cithandizo ca China. Mutu umodzi susenza denga, anatero akale, ndipo m'zaka zimenezo tinaona kuti mwambiwo ukhudza maiko omwe.

Ncifukwa cace Zambia yomweyo imene inakana Citaganya inakhala patsogolo pomanga migwirizano yatsopano. Ku Lusaka, pa 1 April 1980, maiko asanu ndi anai anayambitsa bungwe limene mu 1992 linasanduka SADC. COMESA inakhazikitsidwa mu 1994, ndipo likulu lace liri ku Lusaka. Damu la Kariba lomwe lija tsopano liyang'aniridwa ndi Zambezi River Authority, bungwe la Zambia ndi Zimbabwe limene linayamba mu 1987. Pa cilala ca 2024, madzi atacepa ndipo magetsi akuzima maola ambiri pa tsiku, ena mwa amene tinali nao anagulidwa kwa anansi kudzera m'mawaya olumikiza maiko. Kusiyana kwace nkoonekeratu: umu tinalowa tokha, ndipo tiri ndi mpando wathu pokambirana.

Komabe ngozi ija siinafe. Pamene wamphamvu ndi wofooka atsegulirana misika, mafakitale amakonda kuunjikana kwa wamphamvu. East African Community yoyamba, ya Kenya, Uganda ndi Tanzania, inayamba mu 1967 nigwa mu 1977. Cina mwa zifukwa cinali dandaulo lakuti Kenya ikudya gawo lalikulu, monga momwe makolo athu anadandaulira za Salisbury. Ngakhale ku Ulaya, Britain inacita cisankho mu 2016 nituluka m'European Union mu 2020. Kwathu kuno, lowani m'sitolo yaikulu ku Chipata muwerenge pa zitini ndi mabotolo kumene zinapangidwa, kenaka muganizire mlimi wa nshawa amene amagulitsa mbeu zace zosakonzedwa pa mtengo wotsika. Pangano la msika umodzi wa Africa yense, limene linasainidwa ku Kigali mu 2018, lingampatse mlimiyo ogula ambiri. Lingamsiyenso iye wolima cabe, ena akukonza ndi kulemera. Cimene cidzalekanitsa ziwirizi, mwa zina, ndi ana amene akhala pa mabenci athu, ngati adzatuluka odziwa kuwerengera, kupanga ndi kufunsa.

Maganizo anga, ngati mundilola, ndi awa. Mu 1963 ku Addis Ababa, Kwame Nkrumah anafuna boma limodzi la Africa yense nthawi yomweyo, pamene Julius Nyerere anakonda kuyamba ndi maiko oyandikana. Ine ndiima ndi waciwiriyo. Mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, ndi malire a ku Chirundu kumene kuyambira 2009 woyenda aima kamodzi m'malo mwa kawiri, ndi zinthu zimene munthu wamba angazione ndi kuziyesa. Koma boma limodzi kapena ndalama imodzi, izi ndikuti zidikire kufikira anthu eni ace atafunsidwa momveka. Anthu athu sadana ndi anansi ao: caka ndi caka m'mwezi wa August Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, ku Katete, pa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, popanda wowakakamiza. Cimene makolo anakana cinali goli.

Ndiri ndi pempho limodzi kwa bungwe lino. Amene anaona Citaganya ndi maso ao tsopano apitirira zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo akutha. M'midzi yozungulira sukulu zathu alimo amene anakagwira nchito ku Wankie ndi ku mapulazi a fodya a kum'mwera. Aliyense wa ife aitane mmodzi m'kalasi teremu ino, ana amfunse, ndipo zimene anene zilembedwe m'Cinyanja. Tidzabwere nazo ku msonkhano wotsatira, kuti a Mlembi asankhepo zina zosindikiza m'kalata yathu.