Mau Oyenera Mwana Wosonyeza Cinthu Cimene Wapanga

Nkhani yokambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'sukulu za kumidzi

Ciyambire caka ca 1968, pamene bungwe la JETS linakhazikidwa m'Zambia, ana a sukulu akhala akusonyeza zinthu zopanga okha pa mipikisano, kuyambira pa sukulu pao, kupita pa boma ndi pa cigawo, kufikira pa mpikisano wa dziko lonse. Pa masiku otere pamaoneka kawiri-kawiri cinthu comvetsa cisoni. Mwana wa kumudzi aimirira pambali pa cipangizo cabwino cimene anacibvutikira miyezi iwiri, koma woweruza akamfunsa kuti, "Unadziwa bwanji kuti cigwira nchito?" iye angoti, "Cigwira, bambo," naweramitsa nkhope. Mphotho ipita kwa mnzace wa cipangizo cocepa nzeru, amene ali ndi buku ndi mau. Manja a mwana uja sanalakwe. Cimene anasowa ndico mau, ndipo kumpatsa mauwo ndiyo nchito ya mphunzitsi.

Mau ofunika sali ambiri, ndipo amveka msanga pa citsanzo ca mtsikana amene afuna kuumba mbaula ya dothi yosonkhera nkhuni.

Liu loyamba ndilo bvuto. Mwana asayambe ndi kuchula cimene wapanga, koma cimene cisautsa anthu. Alembe tero: "Amai ayenda ulendo wautali kukatola nkhuni, ndipo pa mafua atatu moto wambiri uthawira m'mbali."

Laciwiri ndilo zofunika, ndiko kuti zimene cinthuco ciyenera kucita. Lacitatu ndilo malire, ndiko kuti zimene wopangayo sangathe kupyola. Kuti mbaula iwiritse madzi ndi nkhuni zocepa, ndiponso kuti m'phika ukhazikike osagwedera, izo ndi zofunika. Kuti palibe ndalama zogulira citsulo, ndi kuti nchito ithe sukulu isanatsekedwe, awo ndi malire. Ana asokoneza mau awiriwa. Cotero awalembe pa masamba awiri oyang'anana.

Lacinai ndilo cojambula, ndipo pano mphunzitsi adekhe. Cojambula ca mmisiri cisiyana ndi cithunzi cokometsera cipupa. Cisonyeza cinthu monga cionekera kutsogolo, pambali ndi pamwamba. Ciwalo ciri conse cikhala ndi dzina lace ndi muyezo wace. Ndipo pansi palembedwa sikelo. Sikelo ikakhala 1:5, sentimita 1 pa pepala iimira masentimita 5 pa dothi, cotero mbaula yotalika masentimita 30 ijambulidwa masentimita 6. Mphamvu ya cojambula cotere inaoneka kwa William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi. Mnyamatayo analeka sukulu pa nthawi ya njala cifukwa ca kusowa ndalama, ndipo Cingerezi anali kucidziwa pang'ono. Koma m'mabuku obwereka, monga buku la Using Energy, anali kutsata zojambula ndi mau olembedwa pambali pace, kufikira m'caka ca 2002 anaimika makina a mphepo a mitengo ya bulugama ndi zitsulo za njinga, nayatsa magetsi m'nyumba ya kwao. Amene anajambula zimenezo anaphunzitsa mwana amene sanamuonepo. Mwana wa m'kalasi ajambule pokumbukira mlendo wotere.

Lacisanu ndilo coyesera: cinthu coyamba kupangidwa, cimene nchito yace ndiyo kuulula zolakwa. Mwana amene adziwa liu limeneli salira mbaula yoyamba ikang'ambika pouma. Alemba kuti dothi linauma msanga padzuwa, naumba yaciwiri, naiumitsa pamthunzi.

Pambuyo pace pabwera mau awiri osiyana lemba limodzi lokha, kuyeza ndi kuyesa. Kuyeza ndiko kupeza nambala ndi lula, sikelo ya kulemera kapena wochi. Kuyesa ndiko kufunsa cinthu funso mwacilungamo. Mtsikanayo awiritse malita 2 a madzi pa mafua, nawiritsenso malita 2 pa mbaula, m'phika womwewo, nkhuni za mtundu womwewo, zoyezedwa asanasonkhe moto ndi atauzima. Acite katatu. Akapeza mphindi 14, 12 ndi 13, aphatikize, agawe ndi 3, nalembe 13. Akasintha m'phika ndi nkhuni pamodzi, sadzadziwa cimene cafulumiza madzi.

Mau otsiriza ndiwo zopezeka ndi tanthauzo. Zopezeka ndizo zimene maso anaona ndi manambala ace. Tanthauzo ndilo cimene mwana aganiza pa zimenezo. Asazisanganize m'ciganizo cimodzi.

Zonsezi zikhale m'buku la nchito losokedwa, lokhala ndi tsiku pamwamba pa tsamba liri lonse. Tsamba lisang'ambidwe. Colakwa cidulidwe ndi mzere umodzi kuti ciwerengekebe, pakuti woweruza wanzeru akhulupira buku lokhala ndi zolephera koposa buku loyera lolembedwa usiku umodzi. Pa tsamba lotsiriza pachulidwe onse amene anathandiza. Ngati agogo ndiwo anasonyeza pokumba dothi labwino, alembedwe. Ndipo mphunzitsi amene anagwirako ndi manja ace alole kuti naye alembedwe.

Pa mipikisano ana afunsidwa m'Cingerezi, ndipo ena aloweza mau monga prototype ndi results osadziwa cimene anena. Funso likabwera mwa njira yacilendo, asowa poyambira. Njira yabwino ndiyo kuti mwana ayambe wafotokoza m'Cinyanja kwa anzace, kufikira wamng'ono wa m'kalasi amve. Liu la Cingerezi lidze pambuyo, lilembedwe pa bolodi pafupi ndi liu la kwao. Akuru anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Manyazi a mwana acepa akalankhula mphindi 3 Lacisanu liri lonse, anzace namfunsa mafunso atatu: Bvuto nciani? Unayesa bwanji? Ukadakonzanso ciani?

Mphunzitsi wa kumudzi angasowe zipangizo, koma coko ndi bolodi ali nazo. Alembe mau awa sabata yoyamba ya temu, asawafute kufikira tsiku la mpikisano.