MADZI ATAPHWA: NTCHITO YA MPINGO M'MATOPE A KU MPOPOMA

Mau olankhulidwa kwa abusa ndi nthumwi za Sinodi



Pa nthawi yokumbukira ntchito za Mulungu m'Sinodi, chizolowezi ndicho kuwerenga maina a abusa, zaka zimene mipingo inakhazikitsidwa, ndi nyumba zopemphereramo zimene zinamangidwa. Zonsezi n'zoyenera ndithu. Koma ilipo ntchito ina imene silowa kawirikawiri m'mabuku a msonkhano, pakuti imagwiridwa ndi fosholo, tsache ndi chidebe, ndipo woigwira amabwerako ali matope okhaokha. Ndiyo ntchito yoyeretsa nyumba ya mnansi madzi osefukira ataphwa. Mau ano anena za ntchito imeneyi monga ionekera ku Mpopoma, mu mzinda wa Bulawayo, ndi chifukwa chake Sinodi iyenera kuiyesa ntchito yakeyake.

1. Walira mvula walira matope

Bulawayo ndi mzinda wa ludzu. Madzi ake amachokera ku madamu akutali, monga Umzingwane, Inyankuni, Insiza, Mtshabezi ndi madamu awiri a Ncema, ndipo chilala chikagwa mipope imauma masiku angapo pa mlungu. Achikulire sadzaiwala chaka cha 1992. Kumapeto kwa 2016 madzi analinso ogawa, ndipo m'mipingo yonse munamveka mapemphero opempha mvula.

Mvulayo inadza, nidza yopyola muyeso. Pa 15 February 2017 namondwe wotchedwa Dineo anafika pa gombe la Mozambique, ku Inhambane, nalowa kumtunda, nadzakhuthula madzi ake kummwera ndi kumadzulo kwa Zimbabwe. Mtsinje wa Gwayi unasefukira ku Sipepa m'boma la Tsholotsho, kotero kuti anthu oposa 800 anasiya midzi yao nakakhala m'mahema. Mlatho wa Nkankezi unakokoloka. Kuchiyambi kwa March Boma linalengeza kuti anthu 246 anali atafa m'dzinja limenelo. Madamu anadzaza, anthu anayamika, koma mwambi wa makolo unapherezeka: walira mvula walira matope.

Dzina lakuti Mpopoma lichokera ku liu la Chindebele lotanthauza mathithi. Komabe madzi amene amasautsa anthu kumeneko sachokera mu mtsinje waukulu monga Gwayi kapena Shire. Amachokera m'misewu momwemo. Ngalande zimatsekeka ndi mchenga, mapulasitiki ndi zinyalala. Eni nyumba ambiri anamanga mipanda ya konkire yopanda zibowo m'munsi, kotero kuti madzi akalowa pabwalo amasowa potulukira, nakwera mpaka kulowa pakhomo. Mipope ya zonyansa, imene inakwiriridwa kalekale anthu akadali owerengeka, imadzaza nibweza za m'kati mwake. Mvula ya maola awiri ikhoza kufikitsa madzi m'maondo m'chipinda chogona, ndipo pofika m'mawa madziwo apita. Popeza palibe wafa, nkhani yake siimveka patali. Ozimitsa moto amabwera kudzaboola mpanda, nanka kwina kumene aitanidwa. Mwini nyumba amatsala yekha ndi matope.

2. Chimene madzi amasiya

Buku la Genesis lionetsa chinthu chimene owerenga ambiri sachisamala. Mvula ya chigumula inagwa masiku 40, koma Nowa anakhala m'chingalawa kopitirira chaka, kudikira kuti dziko liume. Kuononga kumafulumira, kukonza kumachedwa. Momwemonso m'nyumba ya zipinda zinayi ya ku Mpopoma.

Madzi amasiya thope pansi ponse ndi mzere wakuda pakhoma. Thumba la ufa limasanduka phala lowawasa. Matiresi ndi mabulangete zimalema kotero kuti nkhalamba singazinyamule. Makope a ana a sukulu amamatirirana. Yunifolomu ya Chigwirizano, imene mayi anaisita Lachitatu, imapezeka pansi pa kama ili bii. Choopsa koposa n'chakuti thope limenelo lasanganikirana ndi zonyansa. Dziko lino lidziwa kumene zotere zimathera, pakuti kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000. Nyumba yosayeretsedwa m'masiku awiri kapena atatu imakhala chiopsezo kwa mwini wake ndi kwa msewu wonse.

3. Mlendo alibe mudzi wothawirako

Tsono n'kofunika kufunsa kuti akhala m'nyumba zimenezi ndani. Mbiri ya Sinodi ndiyo iyankha. Makolo a mpingo uno anachokera ku Nyasaland, ena pansi, ena pa malole a Ulere, kudzafuna ntchito m'migodi, m'mafamu, m'mafakitale ndi pa njanji. Chifukwa cha iwowa mbusa T.C.B. Vlok, amene anatumikirapo ku Mvera ndi ku Nkhoma, anafika ku Salisbury mu 1912. Ntchito inakula, mipingo inakhazikitsidwa m'mizinda, ndipo mu 1965 inakhala Sinodi pa yokha m'banja la CCAP. Pamene Mpopoma inamangidwa m'zaka za m'ma 1950, pafupi ndi Matshobana ndi Njube, ena mwa alendowo anapezako nyumba. Ambiri sanabwererenso kwao. Kumudzi anawatcha machona.

Munthu wa m'dziko muno tsoka likamgwera m'tauni ali nako kothawira. Mndebele ali ndi kwao kumene akuti ekhaya, Mshona ali ndi kumusha, kuli munda ndi abale. Koma mwana wa mchona alibe munda ku Tsholotsho kapena ku Gutu, ndipo mudzi wa ku Dedza kapena ku Ntcheu anangoumva m'kamwa mwa atate wake. Nyumba ya ku Mpopoma ndiyo chuma chake chonse. Ana ake ambiri anatsikira ku Joni, nasiya makolo okalamba akulera zidzukulu.

Ku Malawi napolo akadutsa, monga anachitira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, otsala amoyo amathandizana mwa ubale. Mwini mbumba amaitana alongo ake ndi adzukulu, nyakwawa imamema mudzi, ankhoswe amafika. Ku Mpopoma kulibe nyakwawa ya kwao, kulibe mbumba. Kuyambira masiku a Vlok, mpingo ndiwo wakhala mudzi wa alendo. Ndiwo unawaphunzitsa klasi, kuwakwatitsa ndi kuwaika m'manda. Mpingo ukapanda kufika ndi fosholo m'mawa mwa chigumula, nanga adzafika ndani?

Pali chinthu chinanso chimene mbadwa ya dziko singachimve msanga. M'nyumba zambiri muli sutikesi kapena bokosi lachitsulo pansi pa kama, pamalo pamene madzi amayamba kufika. M'menemo muli chitupa, chikalata cha kubadwa, mapepala a nyumba, mapepala a penshoni ya ku njanji, ndi khadi la mpingo. Ambiri mwa anthuwa anayenda zaka ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, ngakhale anabadwira muno. Lamulo la 2001 linavutitsa ambiri pa za unzika wao, ndipo malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anatsegulanso khomo kwa obadwira m'Zimbabwe mwa makolo ochokera m'maiko oyandikana nalo. Koma khomo limenelo limatsegukira munthu amene ali ndi pepala. Chikalata chimodzi cha agogo chikasungunuka m'madzi, mdzukulu akhoza kusauka kupeza chake. Chifukwa chake mayi wachikulire madzi akaphwa salirira kama kapena wailesi. Amayamba wafunsa za sutikesi.

4. Kagwiridwe ka ntchito

Chifundo chopanda dongosolo chimatha kuononga. Akristu amene analowapo m'nyumba zotere aphunzira zinthu zimene ziyenera kusungidwa.

Choyamba, asalowe munthu magetsi asanazimitsidwe pa bokosi lake, pakuti khoma lonyowa ndi waya wakale zimapha. Chachiwiri, aliyense avale majombo ndi magolovesi, ndipo wa chilonda kuphazi apatsidwe ntchito ya pabwalo. Amuna amatulutsa katundu nakokolola thope ndi mafosholo. Achinyamata amatsegula ngalande ya kumsewu nakankha wilibala. Amayi amatsuka pansi ndi makoma ndi madzi a klorini, nachapa zofunda. Madzi akumwa amaphitsidwa, ndipo chakudya chilichonse chimene thope lachikhudza chimatayidwa, ngakhale mtima uwawe.

Mapepala aperekedwe kwa munthu mmodzi wa dzanja lofatsa. Asawakoke akadamatirirana, asawayanike padzuwa kapena pafupi ndi moto. Awayale pamthunzi, limodzi limodzi, pa nsalu youma, mwini wake akuona.

Kanthu kasatayidwe mwini asanavomere. Mpando wothyoka umene mnyamata auyesa chinyalala ukhoza kukhala umene malemu ankakhalapo. Mawu oyenera pakhomo paja ndi akuti, "Agogo, ichi tichite nacho chiyani?" Ndipo zimene maso aona m'chipinda cha mwini, umphawi wake ndi nsanza zake, zisakhale nkhani ya pa chitsime kapena chithunzi cha pa foni. Ogwira ntchito adze ndi kamba wao, kuti wosauka asachite manyazi posowa chowaphikira. Pemphero lichitike ntchito itatha, onse ali chiimire pa simenti yonyowa. Pomaliza, abwerenso tsiku lachitatu ndi mlungu wotsatira, chifukwa ndi pamene chinyezi, chifuwa ndi chisoni zimayamba kumveka, alendo onse atabalalika.

Nanga abusa ndi akulu a mpingo aime pati? Chaputala 3 cha Nehemiya chiwerenga maina a omanga linga la Yerusalemu. Chipata chotulutsirapo zinyalala chinakonzedwa ndi Malikiya, amene anali mkulu wa dera. M'chaputala chomwecho omveka a ku Tekowa akumbukiridwa ndi chinthu chimodzi chokha, ndicho kukana kuweramira ntchito. Zonse ziwiri zinalembedwa. Mbusa amene afika ndi jekete, napemphera pa geti, nabwerera ku galimoto, waphunzitsa achinyamata kuti matope ndi a anthu wamba. Koma akavula jekete nagwira chidebe ngakhale ola limodzi, ulaliki wa Sabata lotsatira umamveka bwino.

5. Mnansi asafunsidwe khadi

Yesero limene limagwera mpingo wa alendo ndilo kudzisamala wokha. Zifukwa zake n'zodziwika: mpingo ndi waung'ono, chuma n'chochepa, ndipo makolo ananyozedwa ndi maina monga Mabhurandaya. Motero gulu likhoza kuyeretsa nyumba ya Mkristu mnzao, nkulumpha ya pafupi, m'mene mayi wa Chindebele wa mpingo wina, kapena wosapemphera konse, akulimbana ndi thope yekha.

Kutero n'kulakwa pa nzeru ndi pa chikhulupiriro pomwe. Madzi saiwala khwawa. Ngalande ya mnansi ikatsala yotseka, mvula yotsatira idzabwezera thope m'nyumba imene yayeretsedwa, ndipo kolera siwerenga kaundula wa mpingo. Koposa apo, mneneri Yeremiya polembera andende a ku Babulo anawalangiza kufunira zabwino mzinda umene anatengedwerako ndi kuupempherera, popeza ubwino wao unali womangika ku ubwino wa mzindawo. Bulawayo anadyetsa makolo a mpingo uno, ndipo mafupa ao agona m'dothi lake. Ana ao sali alendo odutsa. Gulu la mpingo likalowa mu msewu, liyambire nyumba imene yavutika koposa, osafunsa mtundu kapena khadi.

6. Zimene Sinodi ingalingalire

M'buku la Machitidwe, pamene amasiye ena anaiwalika pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku, atumwi sanangodandaula. Anasankhitsa amuna asanu ndi awiri nawaikiza ntchitoyo. Udindo wa atumiki unaphuka pamenepo, ndipo suthera pa kuwerenga chopereka. Chifukwa chake nthumwi zipemphedwa kulingalira izi:

(a) Atumiki a mpingo uliwonse alembe, mwezi wa October usanathe, maina a okalamba, amasiye ndi odwala amene nyumba zao zili m'malo otsika, ndi munthu amene adzayamba kufika pa khomo lililonse.

(b) Mpingo uliwonse usunge mafosholo, zidebe, majombo, magolovesi, wilibala ndi klorini, zolembedwa m'buku monga katundu wina wa mpingo.

(c) Mvula isanayambe, achinyamata ndi amuna atsegule ngalande za m'misewu yao, nathandize okalamba kuboola zibowo m'munsi mwa mipanda. Mu December 2018 Boma linapatula Lachisanu loyamba la mwezi kukhala tsiku loyeretsa, ndipo Akristu asasowe pa ntchito yotere.

(d) Mabanja alangizidwe kuchotsa mapepala ao pansi pa kama, kuwakulunga m'pulasitiki ndi kuwaika pamwamba, ndiponso kujambulitsa ena n'kusungitsa kwina.

(e) Gawo la thumba la chifundo lipatulidwe kugulira ufa ndi zofunda m'masiku oyamba, ndipo lipoti la ntchitoyi liperekedwe ku Presbiterio pamodzi ndi malipoti a ubatizo ndi chopereka.

Mpingo wozolowera ntchito imeneyi pa msewu wake sudzadzidzimuka tsoka lalikulu likadza, monga linadzera ku Chimanimani ndi namondwe Idai mu March 2019, kapena ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre ndi namondwe Freddy mu March 2023. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Abale ndi alongo, dzinja lidzafikanso, ndipo mipingo idzapemphanso mvula, monga kuyenera. Amene adzagwada kuipempha akhale okonzekanso kuwerama m'matope ake. Makolo analowa m'dziko lino kudzagwira ntchito ya thukuta polipidwa. Ana ao agwire ntchito yonga yomweyo kwaulere, m'nyumba za amasiye ndi za anansi, chifukwa cha Iye amene anasambitsa mapazi a ophunzira ake. Mulungu adalitse Sinodi ndi mipingo yake yonse. Amen.