Wakuba ndi Wakuba, Kaya m'Sitolo Kaya pa Lamya



Ndaima pano kuti tikambirane za khalidwe lonyansa limene likuipitsa dzina la dziko lathu, ndilo kuba. Kale wakuba ankalowa m'sitolo, nabisa sopo kapena paketi ya shuga m'chitenje kapena m'jekete, natuluka ngati munthu wolungama. Oterewa alipobe. Koma tsopano kwabuka mbava ina imene siponda n'komwe pakhomo la sitolo. Imaika chithunzi cha nsapato, lamya kapena matumba a feteleza pa Facebook ndi pa WhatsApp, nitchula mtengo wotsika wokopa mtima. Munthu akatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, nambala ija imazima, katundu osafika. Makolo athu adanena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tisanamizane, abale anga. Lamulo la dziko lino silisiyanitsa wakuba wa manja ndi wakuba wa lamya. Onse amakayankha kubwalo la milandu. Gawo 278 la malamulo a milandu, Penal Code, limati wopezeka wolakwa pa mlandu wakuba angathe kukhala m'ndende zaka 5. Gawo 319 limagwira wolandira ndalama kapena katundu mwa bodza. Gawo 328 limagwira wolandira katundu akudziwa kuti ngwakuba, ndipo chilango chake chimafika zaka 14. Kotero iwe wogula shuga wotchipa kuseri kwa msika, usayese kuti uli kunja kwa mlanduwo.

Ndiponso m'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loona za malonda ndi milandu ya pa intaneti, ndipo m'chaka cha 2018 anthu adalembetsa nambala zao za lamya. Chifukwa chake musabwereke munthu nambala yanu kapena chiphaso chanu cha unzika. Akabera nacho anthu, apolisi adzayambira pakhomo panu.

Kwa inu ogwira ntchito m'Boma ndinena mosabisa: mlandu wakuba sutha ndi ndende yokha. Ntchito imatha, ulemu umatha, ana amasowa wowalipirira sukulu. Zonsezi chifukwa cha botolo limodzi la mafuta ophikira!

Tsono pitani mukauze anthu m'nthambi zanu zinthu zitatu. Asatumize ndalama asanaone katundu ndi maso. Asaulule nambala yao yachinsinsi kwa wina aliyense, ngakhale atadzitcha bwana wa kampani. Akagwira wakuba asamumenye kapena kumuotcha, pakuti umenewonso ndi mlandu waukulu. Apite naye kupolisi.

Chitukuko chimakula pamene pali mwambo ndi kukhulupirika. Tiyambe ife atsogoleri kuonetsa chitsanzo chabwino.