Za Mayeso a Sitandade 8, ndi za Ana Amene Safika Pakhomo Pake

Mau amene anawerengedwa pa msonkhano wa pachaka wa Bungwe, pa gawo la za maphunziro.



Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, anthu amathamangira ku sukulu kukaona maina amene amatidwa pa khoma, ndipo nthungululu zimamveka m'mudzi kufikira usiku. Chimwemwe chimenecho nchoyenera, palibe wofuna kuchichepetsa. Koma popeza Bungwe lino limaika mtima wake, ndi ndalama zake zomwe, pa maphunziro a ana a m'boma lino, nkwabwino kuti mamembala adziwe chimene ziwerengero za mayesowo zimanena, ndiponso chimene sizinena.

Mayeso amenewa, otchedwa Primary School Leaving Certificate of Education, amakonzedwa ndi bungwe la MANEB la ku Zomba, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1987. Kuyambira 2020 kufikira 2023, chaka chiri chonse ana oposa 80 mwa ana 100 alionse amene analemba anakhoza. Munthu wakumva chiwerengero chotere angathe kuganiza kuti zonse ziri bwino m'sukulu, nabwerera kwao wokondwa.

Komatu ana 100 amenewo ndi okhawo amene analowa m'chipinda cha mayeso. M'zaka zimenezo olemba sanafike 300,000 pa chaka, pamene ana a mu Sitandade 1, zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyo mwake, anali ngati miliyoni imodzi, kuwerenga pamodzi ndi obwereza. Enawo anatsala kuti? Ena akali m'makalasi a m'munsi, kubwereza kawiri kapena katatu. Ena analekera pa njira: wina ali ku dimba, wina aweta ng'ombe, wina agulitsa mandasi pa msika, ndipo atsikana ambiri ali pa banja, mwana kumbuyo. MANEB siwawerenga ana otere, pakuti si ntchito yake. Dzina lao siliri pa mndandanda wa okhoza, ndipo siliri pa mndandanda wa olephera. Chotero sukulu ingathe kutchuka kuti inakhozetsa ana ake onse, pamene ochuluka a iwo amene inawalandira poyamba anasowa kale.

Chiyambi cha kuchulukana kumeneku mamembala achikulire achikumbukira. M'chaka cha 1994 Boma la Dr Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo ana amene anali ngati 1,900,000 anafika ngati 3,000,000 m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chachikulu ndi chabwino, pakuti mwana wa mmphawi analowa pamene kale sakadalowa. Koma zipinda sizimera ngati bowa, ndipo Boma linalemba msangamsanga aphunzitsi zikwi zambiri amene anali asanapite ku sukulu ya uphunzitsi. Katundu wolemerayo anagwera makalasi a m'munsi, kumene mphunzitsi mmodzi anaima pansi pa mtengo ndi ana oposa 100, ena a iwo osaona ngakhale bolodi.

Zipatso zake zinaoneka pa mayeso ena amene makolo ambiri sanawamvepo, chifukwa sapatsa mwana setifiketi kapena malo. M'chaka cha 2007 bungwe la SACMEQ linayesa ana a Sitandade 6 m'maiko 14 a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, Zanzibar nayesedwa payekha. Pa kuwerenga Malawi anakhala wotsiriza. Pa masamu anaposa Zambia yekha. Ndipo m'chaka cha 2010 anthu anapita m'sukulu kukamvetsera ana akuwerenga kankhani kakafupi ka Chichewa, mwana mmodzimmodzi. Mu Sitandade 2, oposa 7 mwa ana 10 alionse sanathe kutchula ngakhale liu limodzi. Mu Sitandade 4, ngati ana 4 mwa 10 anali chimodzimodzi. Amenewa sanali ana opusa ai. Anali ana amene anakhala zaka zinai akuyankha pamodzi ndi gulu, pakamwa pakutsata anzao, popanda munthu wowaimika paokha kuti aone ngati maso ao adziwa chimene pakamwa panena. Ndicho chifukwa chake Boma linayamba National Reading Programme m'chaka cha 2016, kuti lilimbikitse kuwerenga m'makalasi anai oyamba.

Tsono mwana wotere akafika Sitandade 5 apeza mabuku a masamu, a sayansi ndi a maphunziro ena ali m'Chingerezi, ndipo mayeso a Sitandade 8 nawonso, kupatula pepala la Chichewa, afunsa m'Chingerezi. Iye amene sanagwire kuwerenga m'chinenero chimene amalankhula pa bwalo la sukulu adzagwira bwanji m'chinenero chimene amachimva m'kalasi mokha? Funso la masamu limlaka, osati chifukwa sadziwa kuchotsera kapena kugawa, koma chifukwa sanamve chimene afunsidwa. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pano anatero zoona. Koma mwambo wa sukulu zambiri uli wotembenuka. Mphunzitsi waluso amuika ku Sitandade 8, chipinda chabwino ndi mabenchi ndi za Sitandade 8, ana a Sitandade 8 aphunzira m'mamawa, madzulo ndi pa tchuthi pomwe, kuloweza mapepala a zaka zapitazo. Aphunzitsi aakulu sayenera kudzudzulidwa okha pa ichi, pakuti makolo ndiwo awafunsa za Sitandade 8 yokha, ndipo munthu amasesa pamene alendo ayang'ana.

Palinso ichi, kuti kukhoza si kusankhidwa. M'zaka zomwezo za 2020 kufikira 2023, amene anapeza malo a Fomu 1 m'sukulu za Boma sanafike theka la okhoza, ndipo ochuluka a iwo anapita ku sukulu zoyendera zotchedwa Community Day. Ochepa okha ndiwo analowa sukulu zotchuka monga Blantyre Secondary School, imene inatsegulidwa mu 1940, kapena Dedza, ya mu 1951. Pa chifukwa chimenechi ana ena amene anakhoza bwino amabwereza Sitandade 8 kuti ayesenso mwai wao.

Bungwe lino silingathe kumanga sekondale, ndipo thandizo limene lipereka kwa ana osankhidwa liyenera kupitirira. Koma pali ntchito yotsika mtengo imene iri m'manja mwa membala aliyense. Ali yense ali ndi mwana, mdzukulu kapena mphwake wa m'makalasi a m'munsi, amkhazike pa khonde Loweruka, amtsegulire tsamba limene sanaliloweze, namvetsere. Ngakhale kholo losadziwa kuwerenga lidzazindikira pamene mwana aima ndi kuyang'ana pansi. Ndipo nthumwi za Bungwe zikapita kukacheza pa sukulu, zisathere mu ofesi kuona ziwerengero za okhoza. Zipemphe kuona kaundula wa Sitandade 1 ndi wa Sitandade 8 pamodzi, ndi kufunsa mabuku angati ali m'manja mwa ana a Sitandade 2.

Potsiriza, komiti ipemphedwa kulingalira, isanagawe ndalama za chaka chamawa, ngati gawo lina la thumba la maphunziro silingagule mabuku owerenga a Chichewa a makalasi oyamba, ndi kupereka mphatso kwa mphunzitsi wa Sitandade 1 kapena 2 amene ana ake apezeka akuwerenga paokha. Nkhaniyi iri m'manja mwanu, Bambo Wapampando.