Mapatani a amayi athu nawonso ndi masheya

Mawu amene anayankhulidwa m'malo mwa amayi a nthambi ya Kya Sand, Johannesburg

Ife a ku Kya Sand mwatipatsa mpata woti tiyankhulepo pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa gulu lathu, ndipo tathokoza. Za masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja amayi asungichuma afotokoza kale. Ife tabwera ndi kathumba. Muli doilo loti linachita kufiirira ndi kukhalitsa, kajuzi ka mwana kobooka pachigongono, ndi pepala long'ambika lochokera m'magazini yakale. Tikufuna tikambe za zimenezi, chifukwa taona kuti m'menemu muli ndalama, ndipo ndalamazo tikuzilekerera kuti zizipita kumanda limodzi ndi eni ake.

Tiyambe ndi m'mene amayi athu ankavalira. Ambiri a ife amene tadutsa zaka 40 tinakula nthawi imene mkazi sankaloledwa kuvala buluku ku Malawi. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda linaika lamulo la kavalidwe lotchedwa Decency in Dress Act. Siketi kapena diresi inkayenera kubisa maondo, ndipo mkazi wopezeka pagulu atavala buluku ankakhala kuti waphwanya lamulo. Lamuloli linachotsedwa mu 1993, chaka cha referendamu, ife tili ku pulayimale. Ana athu obadwira kuno tikawauza amangoseka, amvekere, "Amayi, mukunama." Sikuti tikulira nthawi imeneyo, ayi. Ife tomwe kukazizira mu June timavala buluku m'kati mwa chitenje tikamapita kukayala katundu m'mamawa.

Koma taganizani. Popeza kutalika kwa siketi boma linali litanena kale, amayi ankaonetsa luso lawo pa zinthu zina. Ankapikisana pa kasokedwe ka manja a bulauzi ya chilundu, pa kamangidwe ka duku, pa kolala yoluka yosokerera pa diresi ya kutchalitchi. Nsalu zambiri zinkachokera ku fakitale ya David Whitehead ku Makata mu Blantyre, ija inagulidwa ndi a Mapeto mu 2003. Telala ankakhala pakhonde la sitolo ndi makina ake a Singer, ndipo mayi ankangomulozera sitayilo imene waiona pa ukwati. Koma zoluka sankapita nazo kwa telala. Juzi ya kusukulu, shawelo ya mwana, tinsapato ta khanda, chipewa cha agogo a ku Dedza, madoilo a pamipando, a pawailesi ndi a pakabati, zonsezi zinkatuluka m'manja mwa mayi mwini.

Ankaphunzira kuti? Ena kwa alangizi a zapakhomo, amene ambiri ankaphunzitsidwa ku Magomero. Ena ku Mvano, ku Chigwirizano, ku Umanyano kapena ku Dorika. Ena m'magulu a Chitukuko cha Amayi m'Malawi, bungwe limene linayamba mu 1985 motsogozedwa ndi Mama Cecilia Kadzamira. Ife tinaphunzira kusukulu pa phunziro la zosokasoka, ndipo amene analibe singano zolukira ankanola masipoko a njinga. Wulu akasowa, amayi ankamasula juzi yakale, ulusiwo n'kuuviika m'madzi ofunda kuti uwongoke, ukauma n'kulukiranso mwana wamng'ono. Juzi imodzi inkatha kubadwa katatu. Kajuzi tabwera nakoka kanali sweta ya bambo, kenako ya mwana woyamba, pomaliza ya mwana wachitatu, amene lero ndi mmodzi wa ife.

Tsopano tiwoloke malire, chifukwa gulu lathu ndi la owoloka malire. Amayi a nthambi ya ku Harare nkhaniyi akuidziwa bwino kuposa ife. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 amayi ambirimbiri a ku Zimbabwe ankaluka madoilo, amene kumeneko amati madhoiri, pamodzi ndi nsalu za patebulo ndi zoyala pabedi. Ankadzaza zikwama n'kuwoloka pa Beitbridge kudzagulitsa khomo ndi khomo muno mu South Africa. Kawirikawiri ankasiya katundu pangongole n'kudzatolera ndalama mwezi ukatha, ndipo ena ankasinthanitsa ndi zovala zakale zoti akagulitse kwawo. Pakati pawo panali ana a Amalawi okhala ku Mbare, ku Highfield ndi ku Mufakose, amene makolo awo anapita kukagwira ntchito kalekale. Ena mwa inu munaphunzira sukulu ndi ndalama za madoilo. Nyumba zina munakuliramo zinawonjezedwa zipinda ndi ndalama zomwezo.

Choncho njira imene tikuyendamo ifeyi, ya pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, sitinailambule ndife. Anailambula ndi amayi onyamula zoluka. Kukhulupirira munthu kuti adzabweza mwezi ukatha, kulemba mayina a angongole m'kope, kusonkherana ndalama ya basi, zonsezi iwo ankachita mafoni kulibe. Madzi saiwala khwawa, amayi.

Tibwere kwathu ku Kya Sand. Amene simunafikeko, ndi kumpoto kwa Johannesburg, kufupi ndi msewu wa Malibongwe Drive. Mbali ina kuli mafakitale, mbali ina nyumba zabwino za ku Bloubosrand, ndipo ife tili pakati, ambiri m'tinyumba ta malata ndi matabwa togundanagundana. Adani athu ndi awiri: chisanu ndi moto. Mu November 2014 moto waukulu unapsereza tinyumba tambirimbiri. Mmodzi wa ife, amene ankagulitsa kaunjika, anatsala ndi zovala za m'thupi zokha. Katundu anapsa, ndalama za pansi pa matiresi zinapsa, pasipoti inapsa. Chimene sichinapse ndi patani ya chinanazi imene mayi ake anamuphunzitsa ali mtsikana ku Ntcheu. Anzake anamusonkherera ya wulu ndi kachitsulo ka crochet, kaja kokhala ndi kangowe kumapeto. Anayamba ndi zipewa ndi tinsapato ta makanda, chisanu chitafika anali ndi maoda a mashawelo. Lero anabwerera pa kaunjika wake, koma kachitsulo kaja sasiyana nako. Amaluka akudikira makasitomala.

Apa m'pamene tinatsegukira m'maso. Tomato amaola, usipa umafumbwa, katundu wa pamsewu amatha kulandidwa, ndalama ya kwacha imagwa mphamvu ukangotumiza. Koma patani imene ili m'mutu ndi m'zala umawoloka nayo malire aliwonse popanda wokufunsa msonkho. N'chifukwa chake tikuti nayonso ndi sheya.

Chachiwiri chimene taona ndi ichi. Zovala zimene tinkaseka nazo amayi athu kuti n'zachikale, lero zabwerera. Ife a kaunjika tikamapikula ku dunusa m'tauni, monga inu mumachitira ku salaula kapena ku Mupedzanhamo, timaona atsikana ophunzira akusankha madiresi a mapuliti, mabulauzi a mapewa otukuka a m'ma 1980, ndi majuzi oluka pamanja. Akatero amakachapa, kusita, kujambula, n'kuika pa Instagram ndi dzina loti vintage, mtengo n'kukwera kangapo. Ife timawagulitsa pa mtengo wa mulu chifukwa sitidziwa chimene tagwira. Ndiye tiphunzire kuyang'ana. Juzi yoluka pamanja mukaitembenuza mumaona nsonga za ulusi zobisidwa ndi singano, ndipo m'mbali mwake anasoka ndi wulu yemweyo. Ya kufakitale yotchipa ija n'chikomekome cha mkuyu: mukachapa kawiri yatanuka kale. Komanso crochet yeniyeni mpaka pano imalukidwa ndi manja a munthu. Mukapeza yoteroyo mu belo, iikeni padera.

Chachitatu ndi mtengo wa zoluka zathu, ndipo apa tiyankhulane mosabisa. Tinene kuti chipewa chadya wulu wa R30, ndipo mwachiluka maola 5. Mukagulitsa R50, ndiye kuti maola onse aja mwawagulitsa R20, kutanthauza R4 pa ola. Pamenepo n'kuti malipiro otsikitsitsa amene boma la South Africa linaika mu March 2024 anali R27.58 pa ola. Tikudziwa kuti mnansi wa ku Kya Sand sangalipire chipewa mtengo wa ku Rosebank. Koma tizidziwa kuti tikumuchitira chifundo, tisamadzinamize kuti tapindula. Amayi athu ankati kuluka n'kungotayitsa nthawi, ndiye nthawiyo sankaiwerengera. Ife a m'gulu losunga ndalama tilibe chifukwa chobwerezera zimenezo. Lembani wulu, lembani thiransipoti yokagulira wuluyo, lembani maola. Ndipo oda yaikulu, monga shawelo kapena choyala pabedi, musayambe musanalandire theka.

Tinene pang'ono za pepala long'ambika lija, chifukwa ambiri mumawapeza mapepala otere m'masutikesi a amayi kapena m'mashopu ogulitsa zinthu zakale, n'kuwataya poganiza kuti ndi ovuta. Magazini ngati Your Family, imene inasiya kutuluka mu 2020, inkakhala ndi mapatani ambiri. Mapatani akale kwambiri amatchula singano ndi manambala. Nambala 8 ndiyo 4mm ya masiku ano, yolukira wulu wa double knit. Nambala 10 ndiyo 3.25mm, ya wulu wopyapyala wa 4 ply amene timalukira makanda. Nambala ikamakwera, singano imachepa. Akalemba kulemera kwa wulu mu ounce, ounce imodzi ndi magalamu 28. Chenjeraninso ndi YouTube. Mapatani a muno amatsata mawu a ku Britain, pamene mavidiyo ambiri ndi a ku America. Sitichi imene a ku Britain amati double crochet, a ku America amati single crochet. Mukasokoneza pamenepa, chipewa cha khanda chimatuluka cha bambo ake. Ndipo musanayambe chinthu chachikulu, lukani kachidutswa kakang'ono n'kukayeza ndi tepi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma mapatani ambiri a amayi athu sanalembedwe paliponse. Ankangoyang'ana doilo la mnzawo n'kuwerenga masitichi ndi chala. Ankadziwanso kuti doilo lizichita kuimirira bwino ukaliviika m'madzi a shuga n'kuliyanika lotambasula. Chaka chatha mmodzi wa ife anataya mayi ake kumudzi. Atabwerako kumaliro anabwera ndi choyala pabedi chosamaliza, kachitsulo kakadali kobayidwa pamene malemuwo anasiyira. Tinachizungulira tonse, koma palibe anatha kupitiriza maluwa ake. Chili m'sutikesi mpaka lero. Mawu a akulu akoma akagonera, koma masitichi a akulu akagonera ndiye kuti apita.

Choncho ife a ku Kya Sand tikupempha msonkhano uno zinthu zitatu.

Choyamba, nthambi iliyonse ikhale ndi kope la mapatani, losungidwa ngati m'mene timasungira kope la masheya. Amene mukupita kumudzi pa Khirisimasi, khalani pansi ndi amayi, azakhali kapena apongozi. Ajambuleni pafoni akuluka pang'onopang'ono, mulembe kuwerenga kwa mzere uliwonse m'Chichewa chathu, mulembenso dzina la mwini patani ndi mudzi wake. Muwagulire wulu ndi shuga, chifukwa mphunzitsi sapita chimanjamanja. Mukatero tumizani pa gulu lathu la WhatsApp, kuti kope likapsa ku Kya Sand lipezeke ku Chipata.

Chachiwiri, komiti iganizire za ngongole yaing'ono ya wulu, yotuluka mu March kapena mu April, kuti katundu akhale atakonzeka chisanu chisanafike, n'kubweza mu August. Tikagula wulu pamodzi kwa opikulitsa, mtengo umatsika. Ngongoleyi ikhalenso poyambira pa mayi amene wapsedwa nyumba kapena walandidwa katundu.

Chachitatu, pa msonkhano uliwonse wa mwezi, tikatha kuponya masheya, tipatule theka la ola loti wodziwa aphunzitse wosadziwa, ndipo tizibwera ndi ana athu, aakazi ndi aamuna omwe. Tiyambe ndi timabwalo tating'ono ta makona anayi. Aliyense akaluka kamodzi pa mwezi, tikalumikiza limakhala bulangeti. Ndi m'mene amachitiranso a 67 Blankets for Nelson Mandela Day, amene amalukira osowa mabulangeti muno mu South Africa. Lathu loyamba lipite kwa mayi wa m'gulu amene wabereka nthawi ya chisanu, chifukwa kanyumba ka malata ka ku Kya Sand mu July sikachitira chisoni khanda. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mayi wapampando, kathumba aka tikasiya patebulo lanu mpaka msonkhano utatha. Tabweranso ndi chithunzi cha choyala pabedi chosamaliza chija. Amayi a ku Harare, a ku Tete, a ku Chipata ndi a kumudzi, chiyang'anitsitseni. Ngati pali wina amene akuwadziwa maluwa amenewa, asachoke asanationa, kuti mnzathuyu amalize ntchito ya mayi ake.