ZA NYUMBA ZA LENDI M'MUDZI WA BOISE, KU AMERICA

Mau onenedwa pa msonkhano wa Bungwe, olembedwanso kuti Mafumu ndi mamembala amene sanafike awerenge.



Tiyamika kuti mwatilola kuima pamaso panu, ife amene tiri ana pa nzeru. Pa msonkhano wapita mudatituma kuti tisanthule makhalidwe a anthu okhala m'nyumba za lendi m'maiko a kutali, popeza anyamata athu ena amuka ku America kukaphunzira ndi kukagwira ntchito, ndipo makolo ao ayesa kuti kumeneko ndalama angotola pansi. Tasankha mudzi umodzi wosakula kopambana, dzina lache Boise, likuru la chigawo cha Idaho, kumadzulo kwa dziko la United States.

Mudziwu uli m'tsinde mwa mapiri, m'mbali mwa mtsinje wa dzina lomwelo. Pa kalembera wa 2010 anthu ache anali 205,671, ndipo pa wa 2020 anapezeka 235,684. Mvula igwa pang'ono, monga mainchesi 12 pa chaka, kotero kuti dzikolo likadakhala chipululu pakadapanda chipale chofewa chimene chiunjikana pamapiri m'nyengo ya chisanu, nichisungunuka pakufika mafundi. Madziwo awatchinga ndi madamu, monga la Arrowrock limene linatha kumangidwa mu 1915, nawatsogolera m'ngalande kunka ku minda. Kulinso madzi otentha a pansi pa nthaka, amene ayamba kufunditsa nyumba zina kuyambira 1892.

Eni dziko oyamba anali a mitundu ya Shoshone ndi Bannock. Golidi atapezeka m'mapiri mu 1862, asilikari a Boma anamanga linga mu 1863, ndipo mudzi unaphuka pambali pache. Mu 1864 panalembedwa chipangano cha nthaka ndi a Shoshone, koma akuru a malamulo a ku Washington sanachivomereze konse. Komabe mu 1869 anthuwo anasamutsidwa kunka ku Fort Hall, ulendo wa kutali kum'mawa. Tanena ichi kuti Mafumu adziwe kuti lendi yonse ya ku Boise ilipidwa pa nthaka imene eni ache anachotsedwapo.

Chokokera anthu kumeneko ndicho ntchito. Kuli maofesi a Boma. Kuli sukulu yaikuru ya Boise State University. Kuli kampani ya masitolo a zakudya ya Albertsons, imene inayamba komweko mu 1939, ndi ya Micron, yoyamba mu 1978, yopanga tizipangizo tosunga nzeru m'makompyuta. Kwafikanso othawa nkhondo a ku Congo ndi maiko ena. Koma m'zaka za 2020 ndi 2021, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, kunasefukira alendo ochokera ku California ndi zigawo zina kumene nyumba ziri za mtengo wapatali. Iwowa anagulitsa nyumba zao kwao, nafika ndi ndalama zambiri m'manja, nagula pa mtengo umene mbadwa za mudziwo sizikadatha kufikapo. Mitengo ya nyumba inakwera, lendi niitsata pambuyo. Ambiri anasunthira ku midzi yoyandikana ya Nampa, Caldwell ndi Meridian. Ndipo Meridian, umene unali ndi anthu osakwana 10,000 mu 1990, unapitirira 117,000 mu 2020, minda niisanduka misewu.

Tsono imvani machitidwe a kupeza nyumba. Munthu sangofika kwa mwini nyumba ndi kupangana pakamwa monga tichita kuno, iai. Ayamba walemba kalata yopempha, nalipira ndalama yakuti amfufuze: ngati abweza ngongole bwino, ngati anapitikitsidwapo m'nyumba ina, ndi ngati ali ndi mlandu. Eni nyumba ambiri afuna kuti malipiro ache a pa mwezi akhale monga lendi kuwirikiza katatu. Akamlola, apereka chikole pamodzi ndi lendi ya mwezi woyamba, nalemba dzina lache pa kalata ya chipangano, kawirikawiri cha miyezi 12. Mlendo wofika kumene avutika koposa, chifukwa alibe mbiri yolembedwa m'dzikomo; kusakhala ndi ngongole konse kuli ngati kusadziwika, ndipo ayenera kupeza wina womuimira.

Malamulo a Idaho atere. Munthu akalephera lendi, mwini nyumba ampatsa kalata ya masiku 3 okha. Akapanda kulipira, nkhani imuka ku bwalo la milandu, ndipo iweruzidwa msanga. Pofuna kukweza lendi, mwini achenjeza ndi kalata masiku 30 chisanachitike, koma palibe malire a kukwezako, pakuti lamulo la chigawo liletsa midzi kuika malire otere. Mu 2019 akuru a mudzi wa Boise analamula kuti ndalama ya kalata yopempha isapitirire madola 30, koma mu 2024 nyumba ya malamulo ya Idaho inachotsera midzi mphamvu imeneyo. Chotetezera wa lendi chiripo ndithu: potuluka, chikole chache chibwezedwa m'masiku 21, kapena 30 ngati anapangana chomwecho, ndipo chiri chonse chodulidwapo chilembedwa ndi chifukwa chache.

Kunena za malipiro, lamulo liti wantchito asalandire zochepera madola 7.25 pa ola, ndipo chiwerengero ichi sichinasinthe chiyambire 2009. Wogwira maola 40 pa malipiro amenewo apeza madola 290 pa mlungu, pamene nyumba ya zipinda ziwiri zogona iposa madola 1,000 pa mwezi. Zoona, mabwana ambiri alipira koposa lamuloli. Komabe pamwamba pa lendi pali magetsi, pali moto wofunditsa nyumba m'miyezi ya December ndi January pamene madzi aundana, palinso galimoto, popeza mabasi ali owerengeka. Wogwa m'mavuto alibe mudzi wa kwa amalume wothawirako. Mu 2018 bwalo lalikuru linaweruza, pa mlandu wa Martin wochokera ku Boise komweko, kuti munthu asalangidwe chifukwa chogona panja ngati malo ogona aumphawi adzala. Koma mu 2024 bwalo loposa onse la dzikolo, pa mlandu wa mudzi wa Grants Pass, linabwezera midzi mphamvu yolanga otere.

Sitinena kuti mudziwo ngwoipa. Mitengo ichuruka, m'mbali mwa mtsinje muli njira ya oyenda pansi ndi a njinga ya mailosi monga 25, ndipo munthu atha kuweruka ku ntchito nakwera phiri dzuwa lisanalowe, kupatula masiku a chilimwe pamene utsi wa nkhalango zopsa uphimba chigwa. Ubwino womwewo ndiwo unaitana alendo, ndipo ndiwo wasautsa mbadwa.

Chifukwa chache tipempha zinthu ziwiri. Choyamba, kwa makolo: mwana wanu akalemba kuti alandira madola ochuruka, yambani mwafunsa za lendi yache musanamsenzetse katundu wa mudzi wonse, ndipo womuka kumeneko awerenge chipangano chonse asanalembepo dzina, pakuti safunsa anadya phula. Chachiwiri, kwa inu Mafumu, amene musunga nthaka m'malo mwa ana osabadwa: makolo athu analawa kale kuwawa kwa thangata, kukhala alendo pa dziko lao lomwe. Wa ndalama akafika pa bwalo panu kufuna malo oyandikana ndi tauni, kumbukirani mbadwa za Boise. Ndalama itha m'chaka chimodzi, koma lendi ilipidwa mwezi ndi mwezi, kufikira zidzukulu.

Tipempha Wapampando kuti nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano ukudzawo, Mafumu atafunsa anthu ao. Mau athu athera pompa.