Mowa wa Chamba ndi Ndalama za Mlimi: Mawu kwa Alangizi a Zaulimi



Alimi ambiri m'madera athu amva kuti kunja kuli makampani ofulula zakumwa zothiramo chamba, ndipo akufunsa ngati nkwanzeru kuikako ndalama, kaya pogula masheya, kaya pokongola ndalama kuti alime mbewuyi pa mgwirizano. Funso limeneli lidzakupezani kumunda, choncho ndi bwino tione zimene zinachitikira amene anatsogola.

Poyamba tisiyanitse mitundu. Chamba choledzeretsa ndi chamba cha mafakitale ndi mbewu ya mtundu umodzi. Kusiyana kwake kwagona pa kuchuluka kwa mankhwala otchedwa THC, amene amazunguza bongo. Lamulo la zaulimi la dziko la America la 2018 linati chamba chosapyola 0.3 peresenti ya THC ndi mbewu yololedwa. M'chaka chomwecho dziko la Canada linaloleza chamba kwa anthu akuluakulu.

Makampani a mowa anathamangira nkhaniyi poopa kuti omwa awo awathawa. Kampani ya Constellation Brands, imene imagulitsa mowa wa Corona ku America, inaika madola pafupifupi 4 biliyoni mu kampani yolima chamba ya Canopy Growth mu 2018. Molson Coors inagwirizana ndi Hexo nkukhazikitsa Truss. AB InBev nayo inapangana ndi Tilray. Onsewa ndi akatswiri odziwa misika, okhala ndi maloya ambiri. Koma malamulo a ku Canada atatuluka mu 2019, analetsa kusakaniza THC ndi mowa weniweni, ndipo anaika malire a mamiligalamu 10 a THC pa botolo kapena chitini. Chimene anthu ankachitcha mowa wa chamba chinasanduka chakumwa chopanda mowa, chogulitsidwa m'masitolo achiphaso okhaokha, ndipo ogula ambiri anapitiriza kusuta. Masheya a Canopy Growth anatsika ndi maperesenti oposa 90. Molson Coors inatuluka mu Truss mu 2023, ndipo Constellation Brands inachotsa anthu ake mu bodi ya Canopy Growth mu 2024.

Mwina muti amenewo ndi olemera, atataya sangagone ndi njala. Nzoona. Tsono taonani mlimi. Mu 2019 alimi a ku America anatenga ziphaso zolimira maekala oposa 500,000 a chamba cha mafakitale, ambiri akufuna kugulitsa maluwa otengamo mafuta a CBD. Zokolola zinachuluka kuposa zimene mafakitale akanatha kugula, mtengo nkugwa chisanathe chaka. Kampani ya GenCanna ya ku Kentucky inagwa mu 2020, alimi ena asanalandire malipiro awo. Ife amene tinaona fodya wa bale akuunjikana kumsika wa okushoni, ogula akumubweza, nkhaniyi sitikuimva koyamba. Kusiyana nkwakuti fodya ali ndi ogula odziwika kuyambira kale, pamene msika wa zakumwazi umatseguka kapena kutsekeka ndi chiganizo chimodzi cha m'lamulo. Mu Novembala 2025 nyumba ya malamulo ya ku America inavomereza malire atsopano a mamiligalamu 0.4 a THC pa chitini, nkupereka chaka chimodzi chokonzekera. Zakumwa zambiri zimene zinatchuka kumeneko kuyambira 2018 zimapyola malire amenewo kutalitali.

M'chigawo chathu chino malamulo akusinthanso, dziko lililonse panjira yake. Lesotho inayamba kupereka ziphaso za chamba cha mankhwala mu 2017, Zimbabwe mu 2018. Malawi inakhazikitsa lamulo lake mu 2020, pambuyo pa kafukufuku amene anachitikira ku Chitedze, ndipo bungwe la Cannabis Regulatory Authority ndilo limapereka ziphaso. Zambia inatsatira ndi malamulo ake mu 2021. Ku South Africa khoti lalikulu linaloleza munthu kusuta kunyumba kwake mu 2018, koma silinaloleze malonda. Kumeneko, mu Malichi 2025, nduna ya zaumoyo inaletsa zakudya ndi zakumwa zonse zokhala ndi chamba, ngakhale cha mafakitale, ndipo mwezi usanathe boma linabweza chiletsocho anthu atadandaula. Taganizirani wofulula amene anali atakongola ndalama za makina masabata amenewo.

Chotero mlimi akabwera ndi pepala la kampani, musamuuze kuti lowani kapena musalowe musanaliwerenge. Onani ngati kampaniyo ili ndi chiphaso chochokera ku bungwe loyenera m'dziko lanu, ndipo mukachitsimikize nokha ku ofesiyo. Funsani kumene idzagulitse. Kampani yonena kuti "msika ulipo kunja" koma yosatchula wogula, njosayenera ndalama za kalabu kapena za kopaletivi. Mgwirizano unene mtengo, tsiku lolipira, ndiponso amene adzasenze chitayiko ngati THC yapyola malire, pakuti zikatero munda wonse ukhoza kuwonongedwa mwa lamulo. Ine ndimakayikira kwambiri mgwirizano umene mlimi ayenera kuyamba walipira ndalama zolembetsera, zamaphunziro ndi zambewu, wogula asanaikepo kanthu.

Pali ziwiri za kumunda zimene inu mukuzidziwa bwino kuposa ogulitsa masheya. Mbewu zambiri za chamba cha mafakitale zinapangidwira ku Ulaya ndi ku Canada, kumene masana a m'chilimwe ndi aatali. Kuno masana ndi aafupi, motero zimafulumira kuchita maluwa zisanakule, zokolola nkuchepa. Chachiwiri ndi mungu. M'madera ngati Nkhotakota ndi Nkhata Bay, kumene chamba cha makolo chimapezeka, mphepo imaulutsa mungu mtunda wautali. Mlimi akasunga mbewu ya m'munda wotero nkudzabzala chaka chamawa, THC ikhoza kukwera iye osadziwa. Mlangizeni agule mbewu yovomerezeka chaka chilichonse, ndipo mtengo wa mbewuyo, pamodzi ndi wa chiphaso ndi woyezetsa THC, auwerengere asanasaine.